Nyumba yathu ili mmunsi mwa Soche: tisamuke, tiyikemo wa lendi kapena tigulitse?

Imelo iyi yachokera kwa mayi wina wa ku Blantyre. Dzina ndabisa monga anapemphera, ndipo ndadulamo tina ndi tina toti aneba awo akanawazindikira nato. Akuti:

"Ine ndi amuna anga tinamanga nyumba ya zipinda zitatu kumtunda kwa Chilobwe, mmunsi mwa phiri la Soche. Puloti tinagula kwa munthu mu 2016, tinalemberana kwa amfumu. Freddy atabwera yathu sinagwe, koma matope anadutsa pafupi, kungowerenga nyumba zinayi kuchokera pathu, ndipo anthu ena omwe tinkatunga nawo madzi anapita. Titachoka ku kampu tinabwereramo poti kolowera kunalibe. Pano khoma la kuseri lili ndi mng'alu, ndipo mvula ikangoyamba usiku ana sagona, inenso sindigona. Bambo ali ku Joni, akuti tisamuke tikachite lendi ku Machinjiri, yathuyi tiyikemo munthu azitipatsa K90,000 pa mwezi ife tizingowonjezera pamwamba. Mayi anga akuti tigulitse basi. Ine mtima ukukana zonse ziwiri. Nditani?"

Achemwali, pepani kaye ndi zomwe munaona, komanso anzanu omwe munataya. Ndiyambe ndi yankho lenilenilo kuti musavutike kulisaka mmunsimu: samukani, ndipo musamuke mvula isanagwe. Apo sindikuzengereza ayi. Koma zoyikamo munthu wa lendi nde pali nkhani, ndipo malinga ndi mmene mwafotokozera malowo, ine ndikanakhala inu sindikanagoneka banja la munthu mmenemo nthawi ya dzinja, olo atabwera ndi lendi ya miyezi sikisi mmanja. Ndifotokoza chifukwa chake, ndipo ndiyesetsa kuti ndisangokulalikirani, poti nyumba ndi ndalama ndipo inuyo ndalamazo mukuzifuna.

Choyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zomwe anthu timaziphatikiza tikamati "malo oopsa". Pali nyumba yomwe mdani wake ndi madzi, pali nyumba yomwe mdani wake ndi phiri. Ya madzi ndi ija ngalande ikatsekeka ndi zinyalala madzi amalowa pakhomo, kunyowetsa ufa, matilesi, makope a ana, mawa lake mukuyanika katundu panja mukutukwana aneba akumtunda. Imeneyo ndi yowawa koma imakonzeka, mumakumba ngalande, mumakweza khonde, moyo nkumapitirira. Ya phiri ndi ina. Dothi la mmapiri athuwa lakhala pamwamba pa thanthwe, mvula ikagwa masiku angapo osalekeza dothi lija limamwa madzi mpaka kukhuta, limalemera, kenako limangotereka pathanthwepo lonse nthawi imodzi. Likafika mu khwawa limasakanikirana ndi madzi, mitengo ndi miyala, ina yaikulu ngati minibasi, nkutsika ndi liwiro loti munthu sungalithawe. Zimenezo ndi zomwe zinachitika ku Chilobwe ndi ku Manja mu Malichi 2023, komanso ku Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe. Dziko lonse omwalira ndi osowa pamodzi anapitirira 1,000, ndipo oposa 650,000 anasowa pokhala. Khoma la fensi, olo likhale la simenti yochuluka bwanji, siliyimitsa chinthu chimenecho. Ndikunena izi chifukwa ndikudziwa kuti akubwererani mmisiri wina nkukuuzani kuti "mayi tingomanga chikhoma kuseriku basi nkhani yatha". Chikhoma chimathandiza kugwira dothi la pakhomo panu pomwe munadula pomanga, osati phiri.

Ena amati zinachitika kamodzi, Freddy anali wapadera, sizidzachitikanso. Zoona anali wapadera, a zanyengo padziko lonse anavomereza kuti palibe namondwe wina wodziwika yemwe anakhalitsa ngati iyeyu, masiku 36. Koma makolo athu napolo ankamudziwa kale Freddy asanabadwe. Anatsika ku Zomba mu 1946, anatsikanso ku Phalombe mu 1991 kuchokera mphiri la Michesi, anthu mazanamazana anatha. Ndipo tangowerengani zaka zapitazi: madzi osefukira a Januwale 2015, Idai 2019, Ana ndi Gombe 2022, Ana uja anawononga Kapichira tonse nkumakhala mumdima, Freddy 2023, Chido mu Disembala 2024, Jude mu Malichi 2025. Sikuti onsewa anagumula Soche ayi, koma mukuona nokha kuti alendowa akubwera pafupipafupi. Komanso phiri lomwe lagumuka kale silikhala mmene linalili. Khwawa lakula, lazama, mitengo yomwe inkagwira dothi mbali mwake inapita, kumtunda kwatsala miyala yomwe inasunthika koma sinatsike. Akulu anati madzi saiwala khwawa, nde inu mwati khwawalo lili nyumba zinayi kuchokera panu.

Tsono musanapange chiganizo pa nyumbayo, pali ntchito yoti mugwire ndi miyendo yanu, ndipo siyodula. Tsiku lina kukacha bwino tengani munthu wamkulu yemwe wakhalitsa mderalo, mukwere kuseri kwa nyumba yanu molunjika kuphiri. Muziyang'ana kuti madzi ochokera kumtunda amadzera pati. Kodi nyumba yanu ili pamsana pa chitunda pomwe madzi amagawikana kupita uku ndi uku, kapena ili mkati mwa chigwa momwe amasonkhana? Nyumba ziwiri zitha kutalikirana mamita makumi awiri okha koma ina ili panjira ina ili pambali. Muone ngati pamwamba panu pali miyala ikuluikulu yongokhala padothi, ngati mitengo kapena mapolo a magetsi apendekera kumunsi, ngati pansi pang'ambika mopingasa phiri, ngati pali malo omwe amatuluka madzi kapena kukhala chinyontho pomwe kale panali pouma. Muwerengenso zimbudzi zokumba ndi maenje a madzi a kubafa za aneba akumtunda, chifukwa zonsezo zimamwetsa dothi lomwe lili pamwamba pa denga lanu.

Za mng'alu wa kuseriwo. Si mng'alu uliwonse womwe ndi woopsa, ina ndi ya pulasitala chabe, simenti inachepa kapena inauma msanga. Woopsa ndi womwe ukukula, womwe watsata njerwa ngati masitepe, waukulu kumwamba wochepa pansi kapena mosemphanitsa, womwe ukuonekera mkati ndi kunja komwe, makamaka ngati zitseko ndi mawindo a mbali imeneyo ayamba kuvuta kutseka kapena pansi pa simenti pasweka. Chitani izi: lembani ndi pensulo pomwe mng'alu wathera mbali zonse ziwiri, lembani deti pambali, yezani kukula kwake ndi lula ya mwana wa sukulu, jambulani pa foni. Kapena matani kasimenti kopyapyala modutsa mng'aluwo. Pakatha masabata angapo mukapeza kasimenti kaja kasweka kapena mng'alu wadutsa pa pensulo paja, dziwani kuti nyumba ikuyenda. Ndipo chonde musaumate wonse nkupaka penti kuti wa lendi asaone, ambiri amatero, kumeneko nkudziphimba nokha mmaso.

Kenako mupeze injiniya weniweni wa zomangamanga adzaone, osati mmisiri yemwe akufuna kontilakiti. Mmisiri si woipa ayi, koma munthu yemwe adye pokonza nyumbayo sangakuuzeni kuti isakonzedwe. Injiniya mumulipira ya tsiku limodzi, mumufunse mafunso awiri osiyana, lina la nyumba lina la malo: kodi faundeshoni ili bwino, ndipo kodi malo ano ali panjira ya matope? Chifukwa nyumba itha kukhala yolimba bwinobwino koma itakhala pamalo olakwika.

Pali nkhani ya mapepala yomwe simunaifunse koma ikukhudza zonse. Mwati munalemberana kwa amfumu. Kalata imeneyo ndi umboni woti munapereka ndalama kwa munthu, ndipo isungeni bwino, koma si lizi, si taitolo. Phiri la Soche kumtunda kwake ndi nkhalango yotetezedwa ya boma, ndipo nyumba zambiri zinakwera pang'onopang'ono mpaka kulowa mmalire ake. Ngati puloti yanu ili mkati mwa malirewo ndiye kuti malowo si a amene anakugulitsani, si anunso, ndipo pepala la boma simudzalipeza. Komanso mu 2023, Freddy atangodutsa, aphungu anavomereza lamulo latsopano loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo nkhani yosamutsa anthu mmalo oopsa yakhala ikukambidwa kuyambira nthawi imeneyo. Nde pitani ku ofesi za khonsolo ya mzinda ku Chichiri, mufunse a mapulani a mzinda kuti malo anuwo ali mbali iti ya malire ndiponso ngati ali mgulu la malo omwe anthu sakuyenera kukhalamo. Mufunsenso kwa oona za ngozi, omwe amagwira ntchito ndi a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ngati dzina lanu linalembedwa pa anthu okhudzidwa. Mwina mukuopa kuti mukapita kukafunsa mukadziulula. Nyumba yanu sikubisala achemwali, ikuoneka kuchokera pamsewu. Bola kudziwa lero kusiyana nkudzamva mutathira ndalama zina.

Tsopano za lendi, pomwe pagona nkhani. Maganizo a bambo akumveka ndithu, ndipo si munthu woipa powaganiza. Anakhetsa thukuta kunja, akufuna nyumba izibweza kenakake. Koma tiyeni tifunse kuti ndani abwere kudzakhala mmenemo. Munthu wa ndalama zake, yemwe akudziwa zomwe zinachitika, sabwera, apita ku Chimwankhunda kapena Zingwangwa kumunsi. Obwera ndi awiri: yemwe sakudziwa, mwina wangofika kumene mtauni kuchokera ku Thyolo kapena Nsanje kudzasaka ganyu, ndi yemwe akudziwa koma thumba lamukakamiza. Onsewa nthawi zambiri amabwera ndi ana, ena ndi agogo oti sangathamange. Nde chomwe chikuchitika apa nchoti ana anu mwawachotsa pabedi paja chifukwa mukuopa, mwagonekapo ana a munthu wina, ndipo ndalama yomwe bambo wawo akulipira ndi yomwe ikugonetsa anu pabwino ku Machinjiri. Ndikuganiza kuti ichi nchomwe mtima wanu ukukana, kungoti simunachitchule. Ndipo musaganize kuti mukasamuka muzigona tulo. Mvula ikadzayamba 2 koloko usiku mudzadzukabe, foni mmanja, kuyimbira tenanti, osayankha, inu osadziwa ngati ndi netiweki kapena china.

Ndikudziwa ena mundiyankha kuti munthu wamkulu amasankha yekha, nyumba mu Blantyre ndi zosowa, anthu akukhalabe konko kumtunda kuposanso pamenepo, ndipo mayiyu akakana tenantiyo akapeza ina yoipa kuposa iyi. Mfundo imeneyi sindikuitaya, ili ndi choonadi chake. Koma kusankha kumakhalapo ngati munthu wauzidwa zonse. Inu mukudziwa pomwe matope anadutsa, mukudziwa za mng'alu, iye sakudziwa, ndipo dobadoba yemwe amubweretse sangamuuze poti akufuna yake ya pamwamba. Zitati zavuta, si boma lokha lomwe anthu adzaloze chala. Abale a malemu adzabwera kwa inu, kwa amfumu mudzaitanidwa inu, ndipo zikadzadziwika kuti munkadziwa koma munabisa atha kukutengerani ku khoti. Kusiya zonsezo, mudzakhala nacho mumtima mpaka kale.

Ngakhale tiyike chisoni pambali tingowerenga ndalama, masamu ake si okoma ngati mmene akumvekera pa foni kuchokera ku Joni. K90,000 kwa miyezi 12 ndi K1,080,000, papepala. Koma nyumba za malo ngati amenewo anthu amalowa mu Meyi nkuthawa mu Disembala mitambo ikayamba kuda, nde tingoyerekeza kuti yakhala yopanda munthu miyezi inayi, mwatsala ndi K720,000. Chotsanipo ya dobadoba nthawi iliyonse mukufuna munthu watsopano, chotsanipo mwezi umodzi kapena iwiri yomwe tenanti adzati "mayi mundipirire malipiro achedwa", chotsanipo kukonza ngalande, khoma, chimbudzi, bilu ya madzi yomwe wina adzakusiyirani, thiransipoti yanu yopita kukatolera. Pomwe uku landilodi wanu wa ku Machinjiri sadzamva zoti tenanti wanu wathawa mvula, pa 1 akufuna zake. Nde mukapanga bajeti yosamukira musawerengere lendi ya ku Chilobwe ngati ndalama yokhazikika. Funso loti bambo ayankhe ndi loti kodi atha kulipira nyumba yatsopanoyo ndi ndalama za ku Joni ndi geni yanu zokha? Ngati yankho ndi ayi, sakani nyumba yocheperako, ya zipinda ziwiri kapena chimodzi ndi balaza, mupanikizane kwa chaka.

Inshuwalansi ena akuuzani. Funsani ndithu, koma dziwani kuti makampani amafuna mapepala a nyumba, ndipo kugumuka kwa nthaka nthawi zambiri sikukhala mu pepala wamba la moto, kumafuna kuwonjezera mwapadera, nde muwerenge bwino musanasaine. Ndipo olo atavomera, amalipira njerwa ndi malata basi.

Kodi ndiye kuti lendi ayi mpaka kale? Osati choncho. Ngati injiniya wanena kuti malo anu ali pambali osati panjira, mng'alu sukukula, a khonsolo anena kuti muli kunja kwa malire, pamenepo mutha kuyikamo munthu, koma mwachilungamo. Mumutenge nokha mukamuonetse pomwe matope anadutsa, mumuonetse mng'alu. Mulemberane pepala pamaso pa mboni, ndipo mulembemo kuti mwamuuza zimenezi, kuti a zanyengo akachenjeza za namondwe akagone kwina, kuti akafuna kutuluka nthawi ya mvula atuluke osamudyera dipoziti. Mtengo muutsitse, ngalande muzikonza ndinu mu Okutobala chaka chilichonse osadikira tenanti. Njira ina ndi yoyikamo munthu nthawi ya chilimwe yokha, Meyi mpaka Okutobala, mogwirizana kuyambira pachiyambi, ngakhale ndikuchenjezeni kuti kutulutsa munthu yemwe wakhazikika ndi ana ake pa sukulu si masewera, mudzapezeka Januwale wafika iye akadali momwemo akukupemphani sabata imodzi. Yomwe ine ndingaikonde kwambiri ndi yoti nyumbayo izigwira ntchito yosagonamo munthu, wina azisungiramo katundu wa geni, matumba a makala, chimanga, kapena kalipentala azigwiriramo masana kukakhala kowala. Ndalama yake ndi yochepa koma katundu akapita amagulidwanso. Sukulu ya mkaka kapena tchalitchi cha mapemphero a usiku, zimenezo ayi.

Mayi anu akuti gulitsani. Maganizo amenewa ali ndi ubwino umodzi, mumalandira ndalama kamodzi nkukayamba kwina osayang'ananso mmbuyo. Koma tisanamizane, kugulitsa nakonso ndi kulowetsamo banja lina, kungoti simudzaliona mwezi ndi mwezi. Nde lamulo ndi lomwe lija, wogula auzidwe zonse. Mtengo udzakhala wotsika kuposa zomwe munathira, konzekeranitu mtima. Banki siingapereke ngongole pa nyumba yopanda taitolo, nde ogula anu ndi a kashi okha, ndipo a kashi amadziwa kuti mwapanikizika. Mukaganiza zogulitsa musagulitse mu Febuluwale mvula ili pamutu mantha ali pakhosi, mudzapereka pamtengo wa mbuzi. Musapereke kalata yeniyeni kwa dobadoba, ndalama zidzere ku banki osati mchikwama, ndipo bambo avomereze molemba, olo pa WhatsApp, kuti mawa akuchimuna asadzati munagulitsa nyumba ya mwana wawo iye kulibe. Ndipo ngati a khonsolo anena kuti puloti ili mu nkhalango ya boma, musagulitse nkomwe, mudzakhala mwagulitsa chinthu chomwe si chanu ndipo wogulayo adzakusakani.

Pali njira yachinayi yomwe mnyumba mwanu palibe waitchula, mwina poti imawawa kuimva: kuphwasula. Ngati zapezeka kuti nyumba ili panjira ya matope, chuma chanu chenicheni si malowo, ndi zomwe zili pamalopo. Malata, matabwa a denga, mafelemu a zitseko ndi mawindo, zitseko zomwe, magalasi, mabaglabazi, mawaya, mapaipi, sinki, ngakhale njerwa zowotcha zambiri zimatuluka zamoyo ngati anamangira dothi osati simenti. Zinthu zimenezi munagula ndalama isanagwe, kumbukirani kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 kenako 44 peresenti mu Novembala 2023, nde pitani pa hadiweya iliyonse mufunse mtengo wa lata limodzi lero muone chuma chomwe chili pamutu panu. Anthu ambiri pomanga amakanika pa denga, inu denga muli nalo kale. Mukapeza kapuloti kwina, kaya ku Chileka, Lunzu kapena Mpemba, mumayamba ndi zipinda ziwiri nkufolera ndi malata anu omwe. Mamita a ESCOM ndi a Water Board musazule nokha, kawauzeni eni ake. Pamalo potsalapo dzalanipo nsungwi, vetiva ndi mitengo, zimathandizako kugwira dothi komanso anthu amaona kuti pali mwini, apo ayi mudzapeza wina wagulitsanso puloti yanu kwa munthu wachitatu.

Chomwe musachite ndi kungokhoma loko nkuchoka osaganiza chotsatira. Nyumba yopanda munthu mtauni muno siikhalitsa, amayamba ndi mawaya ndi mataapu, kenako zitseko, tsiku lina mudzapeza denga kulibe. Ena amati tiyikemo mnyamata wachibale azilondera ulele. Mnyamatayonso ndi mwana wa munthu, akagona mchipinda chomwe chija. Ngati mwasankha kudikira kaye osaphwasula, chotsanimo zonse zobeka, mupemphe neba wodalirika aziyang'anira masana muzimupatsa kangachepe.

Za ku Machinjiri, musangoti poti si Soche ndiye kuti kuli bwino. Nakonso kuli zitunda ndi makwawa ake, chimodzimodzi Bangwe, Ndirande, Chilomoni, mzinda wathuwu unamangidwa pakati pa mapiri. Posaka nyumba musafunse landilodi ngati madzi amafika, adzati "kuno olo dontho". Funsani amayi ogulitsa tomato pafupi, funsani a kabaza, funsani kuti nthawi ya Freddy kuno kunali bwanji. Yang'anani mmunsi mwa makoma ngati muli mzere wa matope kapena penti watsopano wofika mmawondo okha, yang'anani komwe kuli mtsinje ndi komwe madzi a msewu amathera, yang'anani chimbudzi ndi komwe muzitunga madzi, poti kolera ija ya 2022 mpaka 2023 inatenga anthu oposa 1,700 ndipo inkakonda malo omwe zimbudzi zimasefukira. Muwerengerenso thiransipoti ya ku geni kwanu ndi sukulu ya ana, nyumba yotchipa yomwe ikufuna maminibasi awiri si yotchipa. Ndipo ndalama yosamukira musakatenge katapila chonde, bola ku banki mkhonde kapena bambo atumize ya dipoziti ndi miyezi itatu yoyamba musananyamule katundu.

Polankhula ndi bambo, ndikupemphani musayambe ndi mawu oti "nyumba ija tiphwasule", foni idzadulidwa. Munthu ali kutali amaona nyumba mmene anaisiyira, ndipo kwa iye nyumbayo ndi umboni woti kuvutika konse kwa ku Joni sikunapite pachabe. Mujambulireni vidiyo mukuyenda wapansi kuchokera pakhomo panu kukafika pomwe matope anadutsa, aone yekha kuti ndi masitepe angati. Mujambulireni miyala ili kumtunda, mng'alu ndi madeti ake. Injiniya akabwera muwalumikize alankhulane okha pa foni, amuna ena mawu omwewo amawamva bwino akachokera kwa munthu wa ntchito yake, kaya chifukwa chiyani kkkk. Ndipo muwauze mosabisa kuti ana sakugona. Za anawo, kusamuka kudzathandiza koma mwina mantha sadzatheratu tsiku limodzi, muzicheza nawo za zomwe anaona osawakalipira kuti aiwale, ndipo zikapitirira kafunseni ku chipatala kapena kwa alangizi a ku mpingo kwanu. Inunso chimodzimodzi.

Mvula ikakupezani musanasamuke, gwirizanani lero ndi wachibale kapena mnzanu wa kumalo otetezeka, kutali ndi phiri ndi makwawa, kuti a zanyengo akangolengeza za namondwe kapena mvula ya masiku angapo, inu ndi ana mukagona kwawo. Muzichoka kukadali kowala, osadikira kuti tione kaye mmene ikugwera. Chikwama chimodzi chikhale chokonzeka, muli ziphaso, mabuku a kuchipatala, kalata ya puloti, mankhwala, tochi ndi chaja, zonse mu pulasitiki. Muzimvera wailesi, osangodalira za mmagulupu a WhatsApp. Mukadzamva kuphiri kukulindima, kapena madzi a mu khwawa asanduka matope mwadzidzidzi, kapena aphwa mwadzidzidzi mvula ikugwabe, tulukani nthawi yomweyo osatenga kanthu, ndipo muthawire chammbali kutalikirana ndi khwawa, osati kutsika motsata njira ya madzi.

Nde sabata ino yambani ndi ziwiri zosafuna ndalama, pensulo pa mng'alu ndi ulendo wa ku Chichiri. Ku khonsoloko mutenge fotokope ya kalata ya amfumu ija, yeniyeniyo isiyeni kunyumba, ndipo amene akakuyankheni mumupemphe akulembereni yankholo papepala kapena akuuzeni ofesi yomwe ingalembe. Mukamva za malire ndi zomwe injiniya wanena mundilemberenso, tidzaone limodzi ngati ndi yoyika katundu, yogulitsa kapena yophwasula.